Khoma Lonyowa Kuseri kwa Sutikesi

Amuna anga anali mmisiri womanga nyumba. Anamangira anthu ku Kanjedza, ku Chilomoni, mpaka ku Zingwangwa, koma yathu ya kuno ku Bangwe ankaimanga pang'onopang'ono, Loweruka masana ndi masiku amene ganyu wasowa. Chomaliza chimene anayamba chinali kabafa ka m'nyumba, kogundana khoma ndi chipinda chathu chogona. Makoma anakwera, malata anakhomedwa, kazenera kanalowa. Kenako anadwala. Pansi panatsala dothi lokhalokha, ndipo kachipindako kanasanduka mosungira makasu ndi matumba a makala.

Pa miyezi ya matenda awo ndinkawagwira mkono kupita nawo kubafa ya panja, ya malata akale. Mphepo ya mu Juni kuno imatsika kuphiri n'kulowa m'mafupa. Ndinkawakhazika pa kampando, n'kumawathira madzi ofunda kumsana, iwo akunjenjemera.

"Mayi, ndikangodzuka apa, choyamba ndi kabafa kaja," ankatero. "Simudzasambanso pamphepo ngati bakha."

Sanadzuke. Tinakawaika kwawo ku Nsanje.

Pobwerera ndinabwera ndi alamu anga, achemwali awo aakulu a malemu. Anakhala nane sabata imodzi. Tsiku loti mawa lake anyamuka, anasonkhanitsa zovala zonse za mchimwene wawo, za m'kabati, zopachika pamsomali kuseri kwa chitseko, ndi ovololo ya kuntchito imene inali isanachapidwe. Anazipinda okha, ine ndikungoyang'ana. Anazilonga mu sutikesi yakale imene malemu anabwera nayo m'tauni ali mnyamata. Maloko ake anafa kalekale, ndiye alamu anang'amba chitenje, n'kuikulunga, n'kumanga mfundo yolimba.

"Kwathu zovala za malemu amagawa ndi abale ake, onse ali pamodzi," anatero. "Mfundo iyi ndamanga ine, ndidzamasula ine. Inu kwanu n'kusunga basi. Tidzabwera tikakolola."

Ndinati ndamva. Sutikesiyo anaiika pansi, pakona ya chipinda chogona, itatsamira khoma. Ine kwathu ndi ku Chiradzulu, miyambo yathu ndi yosiyanako, koma ndinakhala pabanjapo zaka zonsezo osawayankha mwano alamuwo, ndipo sindinafune kuyamba mwamuna atapita.

Anthu anakolola, alamu osabwera. Chinali chaka chija mafuta a galimoto ankasowa, maminibasi akuswera pamzere tsiku lonse. Ana anga awiri anali kutali, wamkazi kubanja ku Mzuzu, wamwamuna ku Joni. Ndinkadzuka, kupita kumsika kukagulitsa nyemba, kubwerako, kuphika m'kapoto kakang'ono, kudya nditakhala pakhonde. Panalibe wondifunsa kuti msika wayenda bwanji. Ndikamadutsa pa kachipinda ka makala kaja ndinkatembenuza nkhope.

Mwana wa ku Joni atatumiza kangachepe n'kunena kuti ndichitire chimene ndikufuna, sindinaganize kawiri. Ndinafuna kumaliza kabafa kaja.

Pulambala amene ndinamuitana sanali mlendo. Anagwirapo ntchito limodzi ndi malemu m'nyumba zingapo, malemu akumanga, iye akuika mapaipi. Tinkapemphera tchalitchi chimodzi. Pa maliro ndi amene anathamangathamanga kufuna galimoto yopita ku Nsanje mafuta akusowa choncho. Munthu wotere ndikanamukayikira bwanji? Anabwera, anayang'ana, n'kugwedeza mutu.

"Achimwene anga aja anali ndi manja. Taonani khoma ili, chingwe chenicheni. Mayi, musadandaule. Masiku atatu muzisamba ngati mabwana a ku Namiwawa."

Nthawi imeneyo ndinali ndikadali m'zovala zakuda. Amayi achikulire amene anandiveka anandilangiza kuti mpaka ndidzavule, ndisapezeke m'nyumba ndili awiriwiri ndi mwamuna. Ndiye pulambalayo akalowa, ine ndinkatuluka. Ndinkayala mkeka pansi pa mtengo wa mapeyala, n'kumasankha nyemba, ndikumva kugogoda ndi kuimba likhweru m'nyumba mwanga. Chakudya ndinkamuikira pakhonde. Tsiku lachiwiri anasuzumira pazenera.

"Mayi, tandibwerekani mbaula, muli moto."

Ndinamupatsira pakhomo. Ndinkayesa kuti akufuna kutenthetsa tiyi amene anazizira.

Sabata imeneyo madzi kunalibe. Kuno zimatero, mpope umatha kukhala masiku asanu ukungopuma mpweya, ife n'kumakatunga kuchitsime kumtunda. Tsiku lachitatu ndinamva fosholo ikukanda simenti. Ndinakumbukira mawu amene malemu ankakonda kuuza anthu owamangira: paipi siikwiriridwa isanamwe madzi. Ndinadzuka, n'kukaima panja pa kazenera.

"Bambo, kodi simudikira kaye madzi abwere kuti tione ngati sipakudontha?"

Anaseka kwambiri.

"Mayi, madzi a ku Bangwe tikati tiwadikire, tidzamaliza Ambuye atabwera. Ntchito yanga siyesedwa ngati nsapato ya pa kaunjika. Komanso simentiyi ndakanda kale, mukufuna iume pachabe?"

Ndinabwerera pa mkeka. Sindinaone paipi ndi imodzi yomwe. Pofika madzulo pansi panali posalala, ndipo tsiku lotsatira anamata matailosi oyera.

Madzi anabwera Lamlungu, ndinawapeza ndikuchokera ku tchalitchi. Ndinavula duku, n'kutsegula shawa. Madzi anagwa kuchokera kumwamba, m'nyumba mwanga, ngati mvula. Ndinasamba nthawi yaitali. Nditatuluka ndinaima pabalaza ndi chitenje pachifuwa, ndikufuna kuuza munthu. Munali zii. Ndinakhala pampando wa malemu mpaka thupi linauma lokha.

Patatha masabata awiri kapena atatu, ndinayamba kumva kafungo kuchipinda, ngati ka chimanga chosungidwa chisanaume. Ndinachapa zofunda, ndinasesa pansi pa bedi, fungo osachoka. Tsiku lina ndikukolopa ndinaona utoto wa khoma utatupa m'munsi, pakona pomwe panali sutikesi. Ndinakoka sutikesiyo pang'ono. Kuseri kwake khoma linali lakuda, lozizira, ndipo nditaligwira chala chinanyowa. Pansi pa sutikesi panali pofewa ngati buledi woviikidwa m'tiyi.

Ndinathamangira panja pa mita ya madzi. Mipope yonse inali yotseka, koma kagudumu kofiira ka m'katimo kankazungulirabe pang'onopang'ono.

Pulambala ndinamuimbira katatu, anabwera tsiku lachinayi. Ndinaitana mayi wa nyumba yoyandikana nayo, wachikulire wa mumphakati mwathu wa ku tchalitchi, kuti tilowe atatu. Bamboyo anawerama, n'kugwira khoma, n'kupukuta chala pa thalauza.

"Aaa, ichi si cha paipi ayi. Ndi chinyezi chochokera pansi. Achimwene aja, Mulungu awapumitse, mwina anaiwala kuyala pulasitiki pa fawundeshoni. Munthu akamadwala zinthu zimamudutsa. Lisiyeni, liuma lokha."

Unali mwezi wa Okutobala. Kunja nkhuku zinkayenda zitayasama, fumbi likufika m'mawondo. Ndipo pulasitiki wakudayo ndinamusenza ndine pamutu kuchokera ku Limbe, malemu ali amoyo ndi amphamvu, akundiseka kuti ndikuoneka ngati ndasenza ng'ona. Zonsezi zinali pakamwa panga, koma sizinatuluke. Ndinangoti, "Zikomo, bambo." Atapita, mayi woyandikana nawo uja anandiyang'ana.

"Mwamusiya anamizire munthu amene sangadziyankhire?"



Ndinatseka madzi pa mita, n'kubwerera kubafa ya malata, bafa yatsopano ili phee m'nyumba. Sutikesi ndinaikweza pa njerwa ziwiri pakati pa chipinda. Koma madzi anali atalowa kale, ndipo tsiku ndi tsiku fungo linkakula. Ndinaimbira alamu ku Nsanje, n'kuwafotokozera zonse.

"Ndiye mukufuna chiyani?" anafunsa.

"Ndimati mundilole ndimasule, ndiyanike, ndibwezeremo."

"Alamu, ndinanena kuti chiyani? Mukatsegula nokha, mawa wina akadzasowa jekete imene ankaiyembekezera, adzati yapita kuti? Adzati mwagulitsa. Ena adzati mwafulumira kumutulutsa mwamuna m'nyumba chifukwa pali wina. Ine ndikutetezani inuyo. Ikani padzuwa chotseka chomwecho. Mafuta akapezeka tibwera."

Ndinachita monga ananenera. Masiku awiri ndinaitulutsa padzuwa yotseka, n'kumaitembenuza ngati chinangwa. Kunja kunauma, koma ndikaika mphuno pa mng'alu ndinkamva kuti m'kati zikuwola. Ndinkakhala pamphepete pa bedi n'kumaiyang'ana. Ndikamasula, ndaphwanya mawu a eni maliro, ndipo dzina langa lidzanunkha ku Nsanje mpaka kufa kwanga. Ndikapanda kumasula, abale ake adzagawana nsanza zowola, ndipo wosunga ndinali ine.

Lachitatu m'mawa sindinapite kumsika. Ndinagogoda kwa mayi woyandikana nawo uja.

"Bwerani mudzaone ndi maso anu chimene nditi ndichite, kuti tsiku lina mudzandichitire umboni."

Mfundo ya alamu inali itauma ngati mwala. Ndinaimasula ndi mano. Zapamwamba zinali bwino, zozizira chabe, ndipo fungo la amuna anga linandimenya kumaso, la thukuta, simenti ndi sopo wawo wometera. Kutsika m'munsi, zovala zinali zitamatana, chuku chobiriwira chitamera pa jekete ndi pa mathalauza. Pansi penipeni panali malaya oyera amene ankavala powerenga mawu ku tchalitchi. Kumsana kwake kunali madontho akuda okhaokha. M'thumba la ovololo ndinapeza kapensulo kawo kaphanthiphanthi, kosongoledwa ndi mpeni.

Tinachapa awiri mpaka masana. Mayiwo atapita kukaphikira adzukulu, ndinatsala ndekha ndi chingwe chodzaza zovala za mwamuna kuchokera pa mtengo wa mapeyala mpaka pakhonde. Mphepo inkalowa m'mathalauza, miyendo yake n'kumayenda. Anthu odutsa pamsewu ankachepetsa liwiro. Ena anapereka moni, ena anangoyang'anana. Ndinadziwa kuti pofika mawa nkhani idzakhala itafika kumsika.

Popeza ndinali nditayamba kale, ndinatsegulanso bokosi la zida za malemu, n'kutenga hamala ndi tchizulo. Sindinapite patali ndi sukulu, koma ndinakhala zaka zambiri ndikuperekera chakudya pa ntchito za zomangamanga, ndipo maso anga sankagona. Ndinagwada m'kabafa, n'kuyamba kuswa matailosi m'mbali mwa khoma lonyowalo. Loyamba linandipweteka mtima. Enawo ayi. Tsiku loyamba manja anatuluka matuza. Tsiku lachiwiri simenti inayamba kutuluka yonyowa, kenako tchizulo inagunda chinthu chofewa.

Ndinakumba ndi zala. Panali mapaipi awiri osalingana kukula. Kukamwa kwa imodzi kunali kopsa, kokwinyika, ndipo apo m'pamene ndinadziwa ntchito ya mbaula yanga ija: anaiwotcha kuti ifewe, n'kulowetsamo inzake mokakamiza. Pamwamba pake anakulungapo mphira wa chubu cha njinga, ngati mmene timamangira thumba la makala pa kaliyala. Ndinapita kukatsegula pa mita. Pobwerera ndinapeza kamadzi kakuthamanga kuchokera pansi pa mphirayo, kolunjika kukhoma la chipinda chathu.

Ndinatsekanso madzi. Ndikuchotsa matope m'dzenjemo, chala chinakhudza chinthu choterera m'munsi mwa njerwa. Anali pulasitiki wakuda uja, ali pamalo pake, woyalidwa bwinobwino. Ndinakhala pansi pa zidutswa za matailosi, n'kunena mokweza ngati pali wondimva, "Simunaiwale ayi."

Mphira uja ndinamumasula, n'kumukulunga m'kapepala. Loweruka m'mawa ndinapita kunyumba kwa pulambala. Ndinawapeza akumwa tiyi pakhonde ndi akazi awo. Titapatsana moni, ndinatambasula kapepalako pa tebulo, pafupi ndi shuga.

"Bambo, ndabweza katundu wanu. Munamuiwala pansi pa simenti."

Akazi awo anamunyamula ndi zala ziwiri, n'kumutembenuza.

"Kodi si chubu chija munkati aba ana a kwa aneba?"

"Iwe, khala chete." Kenako anatembenukira kwa ine, mawu atatsika. "Mayi, tsiku lija soketi yolumikizira inasowa, ku Limbe kunalibe minibasi. Ndimati ndidzabweranso."

"Mudzabwerenso mutamata matailosi?"

Anayang'ana m'kapu.

"Za paipi ndi zazing'ono," ndinatero. "Koma munanena kuti amuna anga anaiwala pulasitiki. Munanena pamaso pa munthu. Mukabwera mudzamuone pulasitikiyo, ndipo mudzawauze mayi aja kuti mwamuona."

Anabwera Lolemba ndi soketi m'thumba. Ulendo uno sindinapite pansi pa mtengo. Ndinatenga mpando wa malemu, n'kuuika pakhomo pa kabafa, n'kukhalapo ndi zakuda zangazo. Anandiyang'ana modabwa.

"Mayi, muli m'nyumba ndi ine? Anthu aziti chiyani?"

"Anena kale. Gwirani ntchito."

Panalibe likhweru tsiku limenelo. Anadula popsa paja, anapukuta, anapaka guluu, n'kulumikiza. Asanadzuke anayang'ana pulasitiki uja kanthawi, ndipo potuluka anapita yekha kukagogoda kwa mayi woyandikana nawo. Zimene anakanena sindinazimve. Atabwerako anayamba kukoka thumba la simenti. Koma m'mawa womwewo madzi anali atathawanso.

"Isiyeni," ndinatero.

"Mayi, apa ndiye palibe chokayikitsa."

"Paipi siikwiriridwa isanamwe madzi. Akabwera ndikuitanani."

Analisiya thumba lija. Mwini wake wa mawuwo ankamudziwa.

Dzenjelo linakhala loyasama sabata yonse ndi masiku ena. Ndi m'masiku omwewo pamene alamu anafika, osachenjeza, ali ndi mng'ono wawo wa malemu ndi amalume awo. Atapuma ndi kumwa madzi, alamu analowa kuchipinda. Sutikesi inali pa njerwa zake, chitenje chija nditachipinda n'kuchiika pamwamba. Anaima n'kuyang'ana chitenjecho. Ine ndinagwada pakhomo.

"Ndinamasula ndine, alamu. Palibe chimene chachoka. Mboni ilipo, mukafuna ndiitana."

Sanafunse za mboni. Anatsegula, n'kutulutsa jekete, n'kuiika kumaso. Anaipumira nthawi yaitali. Kenako anatenga ovololo, n'kuchita chimodzimodzi. Atatsitsa manja, maso anali ofiira.

"Mwachapa zonse?"

"Zonse. Zinali ndi chuku."

"Ndiye mwamuchotsamo." Anaika ovololo ija pabedi. "Ndayenda ulendo wonsewu ndikuti ndikamununkhizeko mwana wa mayi anga kamodzi kokha. Ndikupeza sopo."

Izi sindinaziganizepo. Masiku onse aja ndinkaopa kunenedwa kuba, kunenedwa chiwerewere. Sindinadziwe kuti chimene alamu anamangira mfundo ija chinali chimenecho. Ndipo fungolo ndinalimva ine ndekha, tsiku lija, n'kulitaya m'beseni. Ndinawagwira dzanja, n'kupita nawo kukabafa, ndikuwaonetsa dzenje, paipi, ndi banga la pakhoma. Ndinawaonetsanso pulasitiki wa mchimwene wawo. Anawerama movutikira, n'kumusisita ndi chala.

"Uyu ankachita zinthu mwaudongo chiyambire ali mwana," anatero.

Mawa lake anagawa zovala pabalaza, ine nditakhala pakona. Jekete inapita kwa mng'ono wawo, ovololo kwa amalume, zina anazipatula za abale otsala kumudzi. Palibe amene anafunsa za chosowa. Atafika pa malaya oyera a madontho aja, alamu anawatambasula, n'kuwayang'ana kumsana, n'kuwapindanso. Anadzuka okha, n'kudzawaika pamiyendo panga, pamwamba pake ataikapo kapensulo kaja.

"Awa sangavale munthu," anatero. "Akhale kuno."

Kaya kunali kundikhululukira, kaya kundionetsa mlandu wanga, mpaka lero sindidziwa. Sutikesi anapita nayo. Ndinawaperekeza pa siteji, ndipo minibasi itanyamuka alamu sanacheuke.

Madzi anabwera tsiku lotsatira, cha m'ma teni m'mawa. Ndinamva mpope wa panja ukutsokomola. Ndinayala nyuzipepala youma pansi pa soketi ija, n'kukhala pampando pakhomo pa kabafa, manja pamiyendo. Ndinakhala choncho mpaka dzuwa linafika pamutu. Ndinapita kukayang'ana mita, kagudumu kali chiimire. Ndinabwerera, n'kugwira pepala lija. Linali louma, likuchita phokoso m'manja. Apo m'pamene ndinamuimbira pulambala kuti abwere adzakwirire.

Matailosi ofanana ndi oyamba aja sanapezeke. Anamata otuwirako, ndipo mzere wake umaoneka kuchokera pakhomo mpaka pakona. Khoma la kuchipinda linauma mvula isanagwe, koma banga linatsala, lofika m'bondo. Mwana wanga wamkazi akabwera amati tipake utoto. Ndimamuuza kuti chaka chamawa. Pakona pamene panali sutikesi sindinaikepo kanthu. Malaya aja ali m'kabati, pansi pa zitenje zanga, ndipo amanunkhira sopo.